Kodi poizoni wa chuku amatuluka bwanji m'thupi, nanga amatha masiku angati?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji: "Kwa mwezi wathunthu takhala tikutendera ndiwo ndi nsinjiro za mtedza umene unatsala posankha wogulitsa. Alangizi atauona anati uli ndi chuku. Ine ndikuyamwitsa mwana wa miyezi isanu, ndipo bambo a kunyumba anawapezapo ndi kachilombo ka hepatitis B. Ena akuti timwe mkaka wambiri, ena makala osinja, enanso mankhwala ochapa m'mimba. Poizoniyu amatuluka bwanji, ndipo zimatenga masiku angati?"

Mayi, poizoni amene munadya dzana wambiri watuluka kale, ndipo wotsalayo atha m'masiku ochepa mukangosiya mtedzawo. Mkaka, makala a pambaula ndi mankhwala ochapa m'mimba sizifulumizitsa chilichonse. Pali kagawo kochepa kamene sikatuluka msanga chifukwa kamamatirira ku chiwindi, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake tiyenera kutsatira poizoniyu kuyambira pakamwa.

Chimene alangizi amatcha chuku ndi nkhungu za mtundu wa Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, zimene zimakonda mtedza ndi chimanga pakakhala chinyezi ndi kutentha. Nkhunguyo payokha si vuto lalikulu. Vuto ndi poizoni amene imasiya m'mbewu, wotchedwa aflatoxin. Alipo a mitundu inayi, B1, B2, G1 ndi G2, koma woopsa kwambiri ndi B1, ndiye amene tikambe pano. Anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Samva moto wa kukhitchini: madzi amawira pa madigiri 100, pomwe iye amafuna madigiri oposa 230 kuti aonongeke. Kukazinga kumamuchepetsako koma sikumumaliza, kuphika m'ndiwo sikumuchotsa.

Kuchuluka kwake kumayezedwa mu ppb, kutanthauza maikirogalamu imodzi pa kilogalamu ya chakudya. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu kupitirira 4 ppb, ku America malire ndi 20 ppb. Tiyerekeze munthu wadya magalamu 400 a ufa wokhala ndi 20 ppb pa tsiku: walowetsa m'thupi maikirogalamu 8. Ndi kanthu kosaoneka ndi maso, komanso kosamveka pa lilime.

Aflatoxin B1 ndi kamolekyu kakang'ono kosungunuka m'mafuta, choncho sikavutika kudutsa khoma la matumbo. Kambiri kamalowa m'magazi kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, pafupi ndi chifu, ndipo pakangotha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono kamakhala katachuluka kale m'magazi. Apa ndiye pamene malangizo a mkaka ndi makala akugwera. Chomwedwa lero sichingakumane ndi poizoni amene anachoka m'matumbo sabata yatha. Makala amene achipatala amagwiritsa ntchito pa odwala amene amwa poizoni ndi okonzedwa mwapadera, osati a pambaula, ndipo amathandiza akaperekedwa mkati mwa ola limodzi chimezereni. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sumanga aflatoxin.

Magazi onse ochokera m'matumbo samwazikira thupi lonse nthawi yomweyo. Amasonkhana mu mtsempha umodzi waukulu umene umathira m'chiwindi. Nchifukwa chake chiwindi ndicho chimalandira poizoniyu choyamba, ali wambiri, ndipo ndicho chimavulala kuposa ziwalo zina.

Ntchito ya chiwindi pa chinthu chachilendo chosungunuka m'mafuta ndi kuchisintha kuti chisungunuke m'madzi, chifukwa impso ndi ndulu zimatulutsa zokhazo zosungunuka m'madzi. Poyamba ma enzyme (timapuloteni tofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi) a gulu la cytochrome P450 amabaya molekyuyo ndi okosijeni kuti pakhale pogwira. Kenako ma enzyme ena amamangirira pamenepo chinthu cholemera chokonda madzi, katundu n'kupita kukatayidwa. Pa aflatoxin B1, amene amagwira ntchito yoyambayo mwa munthu ndi awiri makamaka, CYP1A2 ndi CYP3A4. Chimene chimatuluka chimadalira malo amene okosijeni wagwera.

Akagwera malo ena, CYP1A2 imapanga aflatoxin M1. Ameneyu ndi wofookerapo kuposa B1 ngakhale kuti sanathe ululu, ndipo ndiye amapezeka mumkodzo ndi mumkaka. Chilembo M chikuimira mkaka m'Chingelezi, chifukwa ndimo anayamba kupezeka. CYP3A4 imapanga aflatoxin Q1, amene ululu wake ndi wochepa kwambiri, ndipo wambiri amatuluka ndi chimbudzi. Palinso aflatoxin P1, amene amapangika kachidutswa kena kakadulidwa pa molekyuyo. Zonsezi ndi njira zabwino. Chiwindi chimamangirira glucuronic acid kapena sulfate pa zina mwa izo, n'kuzitumiza ku ndulu kapena kuzibwezera m'magazi kuti impso zisefe.

Koma ma enzyme awiri omwewo nthawi zina amaika okosijeni pa malo amene akatswiri amawatchula kuti 8 ndi 9 pa molekyuyo, n'kupanga chinthu chotchedwa aflatoxin B1-8,9-epoxide. Ichi ndicho chimavulaza. B1 amene munadyayo payekha sagwira DNA, malangizo a chibadwa osungidwa m'selo lililonse; chiwindi chenichenicho, poyesa kumuchotsa, ndicho chimamusandutsa mpeni. Epoxide sakhalitsa, m'madzi theka lake limatha pa sekondi imodzi yokha, koma m'kanthawi kameneko amamata chilichonse chimene wayandikana nacho m'selo la chiwindi. Ali ndi kopita kutatu.

Koyamba ndi kwa glutathione, kapuloteni kakang'ono kamene chiwindi chimasunga kuti kazigwira zinthu zolusa ngati zimenezi. Enzyme yotchedwa glutathione S-transferase imalumikiza awiriwa, epoxide n'kutheratu mphamvu. Zolumikizidwazo zimapita ku ndulu, zina zimadulidwadulidwa mpaka kutuluka mumkodzo ngati mercapturic acid. Kulimba kwa njira imeneyi ndiko kumasiyanitsa zamoyo. Mbewa za m'malabotale zili ndi enzyme yachangu kwambiri pa ntchitoyi, nchifukwa chake zimapirira aflatoxin wambiri osadwala khansa ya chiwindi. Nkhukundembo zimapanga epoxide wambiri koma enzyme yake yomugwira ndi yaulesi, ndipo ndicho chinazipha mu 1960. Munthu ali pakati, koma sali kufupi ndi mbewa. Glutathione amapangidwa kuchokera ku zidutswa za mapuloteni a m'chakudya, makamaka cysteine, choncho mwana wosowa zakudya zomanga thupi, monga wa kwashiorkor, amakhala naye wochepa. Mowa wambiri nawonso umamudya.

Kwachiwiri ndi kwa madzi. Epoxide akakumana ndi madzi amasanduka dihydrodiol, amene amatseguka kukhala dialdehyde. Enzyme ina ikhoza kumuziziritsa ameneyu kuti atuluke bwino, koma wina amamata mapuloteni pa kachidutswa kotchedwa lysine. Puloteni yochuluka imene chiwindi chimapanga ndi kutumiza m'magazi ndi albumin, ndipo gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a poizoni wodyedwa amathera pamenepo. Poizoni womata pa albumin sachoka mpaka albumin yemweyo atatha moyo wake, ndipo theka la albumin wa m'magazi limasinthidwa pa masiku pafupifupi 20. Ndiye ngati wina atayeza magazi anu mwezi wa mawa adzapezabe chizindikiro cha mtedza uja, ndipo chidzazimiririka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Chizindikirocho chisakuopseni. Poizoni womata pa albumin wamangika kale, sakuyendanso kukavulaza kwina. Ofufuza amachikonda chifukwa chimaonetsa zimene munthu wakhala akudya kwa miyezi ingapo. Mu aflatoxin wochuluka kwambiri nthawi imodzi, kumata mapuloteni a m'maselo kotereku kumathandizira kupha maselo a chiwindi.

Kwachitatu ndiko kodetsa nkhawa: DNA. Epoxide amalowa pakati pa zilembo za DNA n'kumata pa guanine, chilembo G, pa malo otchedwa N7. Chilembo chomatidwacho sichikhazikika. Nthawi zambiri chimathothoka chokha kapena selo limachidula n'kuikapo chatsopano, ndipo chodulidwacho chimatuluka mumkodzo ngati aflatoxin-N7-guanine pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Chimakhala pafupifupi 0.2 peresenti ya poizoni wodyedwa. Koma china chimatseguka n'kusanduka mtundu wotchedwa FAPY, umene umakhalitsa pa DNA ndipo selo limavutika kuukonza. Selo likagawikana malo amenewo asanakonzedwe, pamene panali G pamalembedwa T. Kulakwika kumeneko kumakhala kwa moyo wonse wa selolo ndi ana ake, ngakhale poizoni mwiniwake atachoka kalekale.

Kulakwika kwambiri kotere kumagwera malo opanda ntchito yaikulu ndipo palibe chimachitika. Tsoka limabwera kukagwera pa chigawo cha DNA chotchedwa TP53, chimene ntchito yake ndi kuletsa selo loonongeka kuti lisachulukane. Aflatoxin ali ndi malo ake amene amakonda pa chigawochi, codon 249, ndipo kusintha kwa G kukhala T pamenepo kuli ngati chidindo chake. Mu 1991 magulu awiri a ofufuza anapeza chidindochi m'pafupifupi theka la zotupa za khansa ya chiwindi zimene anayeza, lina ku Qidong ku China, lina kuno kummwera kwa Africa, kuphatikizapo odwala a ku Mozambique. Kumaiko kumene aflatoxin sadyedwa kwambiri chidindochi chimapezeka mwa apo ndi apo. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, linaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Palinso kanjira kena kamene kamachedwetsa zinthu. Enzyme ina imasintha B1 kukhala aflatoxicol, ndipo kusinthaku kumabwerera: aflatoxicol akhoza kusandukanso B1. Amakhala ngati nkhokwe yaing'ono imene imabwezera poizoni pang'onopang'ono. Chimodzimodzinso ku ndulu. Zimene chiwindi chamanga n'kutaya m'matumbo, mabakiteriya a m'matumbo akhoza kumasula zina, n'kulowanso m'magazi kubwerera kuchiwindi. Kuzungulira kumeneku kumawonjezera maola kapena masiku ochepa, osati miyezi.

Tikawerengera zotuluka, njira yaikulu ndi ndulu ndi chimbudzi, yachiwiri ndi mkodzo. M1 wa mumkodzo amakhala peresenti imodzi kapena ziwiri za B1 wodyedwa, ndiye munthu wa maikirogalamu 8 uja amakodza M1 wosafika ngakhale maikirogalamu 0.2 pa tsiku. Zambiri zopita mumkodzo zimatuluka m'maola 24 oyamba, choncho kuyeza mkodzo kumangonena za dzulo ndi dzana. Kumwa madzi okwanira ndi bwino, koma kumwa malita ambirimbiri sikuthamangitsa ntchitoyi, chifukwa chochedwetsa si impso ayi, ndi ma enzyme a m'chiwindi. Thukuta silitulutsa kanthu koti n'kuwerengera. Mankhwala otsegula m'mimba amangokutayitsani madzi ndi mchere, ndipo mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro, amene sitidziwa zimene aikamo, akhoza kuwonjezera katundu pa chiwindi chomwe chatopa kale. Kwa bambo a kunyumba mankhwala amenewa ndi oopsa kwambiri.

Masiku amenewa ndi a aflatoxin yekha, musawayese a poizoni aliyense wa nkhungu. Fumonisin, wa nkhungu ya Fusarium imene imaoletsa chimanga kumunda, salowa kwambiri m'magazi ndipo wambiri amatuluka ndi chimbudzi osasinthika. Ochratoxin A amagwira albumin mwamphamvu ndipo impso zimamubweza m'magazi, moti theka lake limatenga masiku pafupifupi 35 kuti lichoke mwa munthu.

Za mwana. M1 amadutsadi kupita mumkaka wa m'mawere, koma ndi kagawo kochepa ka zimene mayi wadya, ndipo kamatsika msanga mayi akasiya chakudyacho. Pa ng'ombe, pamene zinayezedwa bwino, M1 amaoneka mumkaka pasanathe tsiku chidyereni, amakhala kawirikawiri peresenti imodzi kapena ziwiri za B1 wodyedwa, mpaka 6 pa ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri, ndipo amazimiririka pakatha masiku atatu kapena anayi chakudya choipacho chitachotsedwa. Musasiye kuyamwitsa, ndipo musamkame mkaka n'kutaya. Ngozi yaikulu kwa mwanayo ikubwera mwezi wa mawa, akayamba phala. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wofalitsidwa mu 2002 anapeza kuti ana amene analeka kuyamwa anali ndi aflatoxin wambiri pa albumin kuposa oyamwabe, ndipo ana okhala ndi wambiri ndiwo anali opinimbira kwambiri. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi chakudya chabwino kwa mwana pokhapokha chimanga ndi mtedzawo zili zosankhidwa bwino. Thupi la mwana ndi laling'ono, supuni imodzi ya nsinjiro zoipa kwa iye ndi yaikulu kuposa kwa inu. Kwa mayi woyembekezera nkhani ndi yomweyo: aflatoxin amadutsa kupita kwa mwana wosabadwa ndipo wapezekapo m'magazi a mumchombo.

Amene akufunika chidwi chachikulu pakhomo panu ndi bambo. Kachilombo ka hepatitis B kamatupitsa chiwindi mosalekeza, maselo n'kumafa ndi kuphuka atsopano mothamanga. Selo logawikana pafupipafupi silipeza nthawi yokonza DNA, choncho chilembo chomatidwa ndi aflatoxin chimasanduka kulakwika kokhazikika mosavuta. Ku Shanghai, ofufuza anatsatira amuna oposa 18,000, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1994 zinaonetsa kuti okhala ndi chizindikiro cha aflatoxin mumkodzo anali ndi chiopsezo cha khansa ya chiwindi choposa katatu poyerekeza ndi opanda chizindikirocho komanso opanda hepatitis B, okhala ndi hepatitis B yekha choposa kasanu ndi kawiri, koma okhala ndi zonse ziwiri pafupifupi ka 60. Ziwirizi siziphatikizana chabe, zimachulukitsana. Bambo apite kuchipatala kukayezetsa mmene chiwindi chikugwirira ntchito, makamaka ALT ndi bilirubin, zinthu zimene zimakwera m'magazi chiwindi chikavulala, ndipo afunse ngati akuyenera kuyamba mankhwala a hepatitis B monga tenofovir komanso kujambulidwa chiwindi nthawi ndi nthawi. Mowa ausiye. Inunso mukayezetse hepatitis B, ndipo onani m'buku la kusikelo ngati mwana analandira katemera onse atatu a pentavalent, pa masabata 6, 10 ndi 14. Katemera wa hepatitis B ali mmenemo, ndipo ana a ku Malawi akhala akumulandira kuyambira 2002.

Khansa imene tikunenayi imabwera ndi kudya poizoniyu zaka zambiri, si mwezi umodzi. Chimene chingachitike m'masiku kapena masabata ochepa ndi kuonongeka kwa chiwindi kwadzidzidzi, poizoni akachuluka kwambiri moti glutathione atha ndipo maselo afa ambiri nthawi imodzi. Zinachitika kummawa kwa Kenya mu 2004, m'maboma monga Makueni ndi Kitui: anthu 317 anadwala, 125 anamwalira, atadya chimanga chimene chinakololedwa ndi kusungidwa chili chonyowa. Pa zitsanzo za chimanga zimene zinatengedwa m'misika ya kumeneko, 7 pa 100 zinaposa 1,000 ppb. Zizindikiro zake ndi kusanza, kupweteka m'mimba chakumanja pansi pa nthiti, chikasu m'maso, mkodzo wakuda ngati tiyi, kutupa miyendo ndi mimba, kutuluka magazi mosavuta, kenako kusokonezeka mutu ndi kugona kwambiri. Wina pakhomo panu akaonetsa chimodzi mwa izi, makamaka maso achikasu, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze za mtedzawo. Mankhwala othetsa aflatoxin mwachindunji palibe. Achipatala amathandiza ndi madzi a m'mitsempha, shuga, vitamini K ngati magazi sakuundana, ndi kuyang'anira wodwala mpaka chiwindi chidzikonze. Wodwala wotere asamwe paracetamol mwachisawawa, chifukwa nayenso amadya glutathione yemweyo. Ngati mwezi wathawu palibe amene wadwala chonchi ndipo mwasiya mtedzawo, ngozi yadzidzidziyi ikuchepa tsiku ndi tsiku.

Pali zinthu zimene zayesedwa kuti zichepetse poizoni wolowa m'magazi, ndipo mukhoza kumva za izo. Ku Qidong anthu anapatsidwa chlorophyllin, mankhwala opangidwa kuchokera ku chobiriwira cha m'masamba, mamiligalamu 100 katatu pa tsiku kwa miyezi inayi, ndipo aflatoxin-N7-guanine wa mumkodzo anatsika ndi 55 peresenti. Ku Ghana anayesa dongo loyengedwa lotchedwa NovaSil. Zonse ziwiri zimagwira poizoni m'matumbo zikamwedwa pamodzi ndi chakudya, asanalowe m'magazi, ndipo sizichotsa amene analowa kale. Si chifukwa choti munthu azidya dothi la pachulu, limene limamanga ayironi ndipo limabwera ndi njoka za m'mimba.

Popeza thupi limamaliza ntchito yake m'masiku ochepa, kuchuluka kwa poizoni m'chiwindi chanu mawa kukudalira zimene mudye lero. Vuto la pakhomo panu ndi lofala m'madera olima mtedza: wabwino umapita kwa mavenda, wotsala posankha umapita mumtondo. Koma aflatoxin safalikira mofanana m'thumba, amaunjikana m'njere zochepa zonyala, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo, zosintha mtundu kapena zowawa, ndipo njere imodzi ikhoza kuipitsa nsinjiro za mbale yonse. Wotsala posankha ndiye wadzaza njere zoterozo. Ukasinjidwa sungasankhikenso, nchifukwa chake nsinjiro ndi chiponde zogula pamsika, zosadziwika mtedza wake, ndi zokayikitsa. Mtedza mwatsala nawowo muukwirire kapena kuutentha. Musapatse nkhuku, abakha kapena ng'ombe yamkaka, popeza ziweto nazonso amazivulaza, komanso pa ng'ombe M1 adzabwerera kwa inu mumkaka ndipo kuuwiritsa sikumuchotsa. Musafululire thobwa kapena mowa chimanga choola. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda chimadzutsa nkhungu, makamaka ukabwezeredwa m'thumba usanaume. Mtedza uume mpaka chinyezi chitsike kufika pa 7 kapena 8 peresenti, pamene njere imalira m'khoko mukagwedeza, ndipo chimanga chifike pa 13 peresenti kapena kutsikirapo, chouma pa mkeka kapena lona osati pa dothi, matumba ake osanjikidwa pa mitengo kutali ndi khoma. Ku Guinea, njira zosavuta ngati zimenezi zinachepetsa aflatoxin wa pa albumin ndi kuposa theka m'midzi imene inazitsatira, malinga ndi kafukufuku wofalitsidwa mu 2005. Kukonola ndi kuviika mphale popanga ufa woyera kumachotsanso gawo lalikulu, bola madzi oviikirawo atayidwe, ndipo dziwani kuti poizoni wochotsedwayo wapita m'madeya.